A Ignasio ndi Miyendo ya Chinyama cha ku Karonga

Apongozi anga aamuna ndi a Ignasio Alufandika, koma mukafika ku Chirimba n'kufunsa dzina limeneli anthu akuyang'anani ngati mwasokera. Mufunse kuti shedi ya a Ng'ona ili pati. Akulozerani kuseri kwa msika, pamene mafelemu a zitseko ndi zitsulo za m'mawindo zatsamira khoma. Ntchito yawo ndi yowotcherera.

Ine ndinakwatiwa ndi mwana wawo wachiwiri, a Blackson, ndipo timakhala pa poloti yawo ku Machinjiri, Eliya 5. Tsiku limene ndinafika, alamu anga aakazi anandikhazika pansi n'kundiuza malamulo. Apongozi aamuna suwayang'ana kumaso, sukhala nawo mphasa imodzi, suwayamba nkhani, ndipo akakufunsa uyankhe utagwada. Kwa ine sizinali zovuta. Ngakhale kusukulu, kumene ndinalekeza Sitandade 7, aphunzitsi ankaiwala kuti ndilimo m'kalasi. Eliness atabadwa zinapepukirako, chifukwa mawu onse anayamba kudutsira kwa iye. Ndinkati, "Eliness, uwauze agogo kuti madzi ali kubafa." Iwo n'kuyankha, "Eliness, uwauze amayi ako kuti takhuta." Takhuta ndi zikomo wa kwawo ku Nsanje. Nthawi imeneyo mwanayo anali asanamere ndi dzino lomwe.

Mbiri yawo ndinaimva pang'onopang'ono, ndikuchapa kuseri, iwo akucheza ndi anzawo a kutchalitchi pakhonde. Anabadwira m'mbali mwa Shire. Ali ndi zaka khumi ndi zinayi ng'ona inawagwira mwendo wamanzere akukoka bwato, ndipo amalume awo anaimenya ndi nkhafi m'maso mpaka inasiya. Anthu anaipha patapita masiku atatu. Mafupa ake anatsala pamchenga, ndipo iwo, poti sankatha kupita kokawedza, ankakhala pamenepo tsiku lonse kumawatembenuza ndi ndodo. Mpaka lero amatsimphina, ndipo chipsera chake chimaoneka ngati pamene anasoka thumba la chimanga.

Ku Blantyre anabwera pa sitima mu 1978. Anayamba ndi kusesa pa kampani ina ya zitsulo, kenako mzungu wina wa ku Mozambique anawapatsa galasi lakuda kuti ayese kuwotcherera. Kampaniyo itatsekedwa anagula makina akale n'kumanga shedi ku Chirimba. Ana asanu anaphunzira ndi shedi imeneyo. Akazi awo anamwalira ine ndisanabwere.

Chimene chinayamba kuwathera ndi maso. Moto wa rodi yowotcherera wa zaka makumi anayi si masewera. Akafuna kuwerenga tepi yoyezera ankaiyandikitsa mpaka kukhudza mphuno. Chaka chatha munthu wina anabweza chitseko kuti chapendekeka, ndipo kuyambira pamenepo alamu anga aakulu, a Ramsey, amene amayendetsa lole, anayamba nyimbo yoti bambo akapume kumudzi, shedi ikhale potsukira magalimoto. A Ignasio sankafuna kumva. Nyumba ya kumudzi inapita ndi madzi osefukira ndipo anzawo ambiri ali kumanda.

"Ndikakhala ndi ndani kumeneko? Ndi udzudzu?" ankatero.

Lamlungu lina mu Meyi, titachoka ku Misa, kunabwera a Madamu Veronica, aphunzitsi a sayansi pa sukulu ina yaing'ono ya pulayiveti konkuno ku Machinjiri. A Ramsey analipo tsiku limenelo. Ine ndinali kuseri kwa chitseko ndikusankha nyemba. A Madamu ankafuna chinyama cha zitsulo choti chiime pabwalo la sukulu tsiku lotsekera teremu, makolo akabwera, ndipo ana azikwerapo.

"Ndi dayinoso, bambo," anatero. "Mafupa ake anawafukula ku Karonga. Dzina lake ndi Malawisaurasi. Ana athu amangoona nyama za kunja m'mabuku, ndiye ndikufuna aone yakwathu."

Anawapatsa foni. Ndinaona chithunzicho pambuyo pake. Anachijambula atapita ku Karonga ndi aphunzitsi anzawo. Khosi linkaoneka bwino, lalitali ngati mlatho, kamutu kakang'ono kumapeto, mchira mbali inayi. Koma kutsogolo kwake kunali aphunzitsi asanu ndi anayi atandanda, a hedi atatambasula manja. Miyendo yonse inabisika kuseri kwa zitenje ndi masuti.

"Nanga miyendo?" a Ignasio anafunsa foni ili pamphuno.

"Pepani, tinaitchinga. Ndikusindikizirani zithunzi zina mawa. Koma mabuku amati chinyamachi ndi m'bale wake wa ng'ona ndi abuluzi."

A Ignasio anaseka. Anapinda buluku mpaka m'bondo n'kuonetsa chipsera.

"Madamu, musaononge mapepala. Ng'ona ndinaphunzira nayo sukulu imodzi."

A Ramsey anakhosomola. "Baba, chitseko cha makona anayi chinabwezedwa. Ichi ndiye muchitha?"

A Madamu anayamba kufunafuna zinthu m'chikwama mwawo.

"Tipangane pano, Ramsey, mlendo akumva," anatero a Ignasio. "Chikaima chokha tsiku lotsekera sukulu, popanda njerwa pansi pa mimba, ana n'kukwerapo, nkhani ya kumudzi ithere pomwepo. Chikagwa, udzandinyamule pa lole yakoyo ukanditule ku Nsanje."

"Mwanena nokha, baba."

"Ndanena ndekha."

Shedi inali yochepa, ndiye makina anawabweretsa kunyumba. Ntchito yonse inachitikira pabwalo pathu, pakati pa mtengo wa mapeyala ndi chingwe changa choyanikira. Anati apanga theka la chenichenicho, koma thekalo linayambira pa geti kukafika kuchimbudzi. Msana unali paipi, nthiti zinali zitsulo zomangira nyumba zopindidwa, mutu anaudula ku botolo lakale la gasi. Thupi lonse linakhala pa milu itatu ya njerwa. Atafika pa miyendo sanayeze n'komwe kawiri. Anaitulutsa chammbali, kuipinda pachigongono, n'kuitsitsira pansi, ngati asilikali akamachita mafizo. Ankaimba nyimbo za Chisena powotcherera. Kenako anakuta thupi ndi waya wa nkhuku n'kumata simenti.

Patatha masabata anayi anaitana ana awo kuti achotse njerwa. Anthu anadzaza pa geti. Amayi Helena, oyandikana nafe amene amaphika mang'ina pa botolositolo, anakwera pa ndowa kuti aone pamwamba pa mpanda. A Blackson anachotsa mulu wakutsogolo, a Ramsey wakumbuyo, n'kuthera wapakati. Chinaima kanthawi koti munthu n'kumeza malovu. Kenako kunamveka kulira ngati munthu akukukuta mano kutulo. Zigongono zonse zinayi zinatambalala, mimba inagunda pansi, fumbi kobo, khosi linagwera pachingwe n'kupita ndi matewera a Eliness.

"Chagona ngati malemu amuna anga tsiku la malipiro," anatero amayi Helena.

Anthu anaseka mpaka ena kugwira mpanda. A Ramsey sanaseke. Anadikira anthu achoke.

"Loweruka lole ilibe katundu, baba."

"Tinapangana tsiku lotsekera sukulu. Kwatsala masabata atatu."

Anthu atabalalika a Ignasio anagwada pa mwendo uliwonse, kupapasa ndi zala. Anatenga nthawi. Kenako anabwera pakhonde pamene Eliness ankasewera ndi supuni, ine ndikutola matewera m'fumbi.

"Eliness, maso sanandinamize ayi. Pamene ndinawotcherera ponse pagwira. Paipi ndi imene yapindika. Ndiye kuti cholakwa ndi kaimidwe." Anasisita chipsera cha pamwendo. "Ng'ona katundu wake amainyamulira ndi madzi. Ikatuluka kumtunda ikatopa imagona pamimba. Ichi chinalibe woti achinyamulire. Ng'ona yandilumanso kachiwiri."

Mmawa mwake anavala jekete ya kutchalitchi n'kupita okha kusukulu kukapempha mapepala aja amene anawakana. Anabwera ndi atatu. Loyamba linali ndi fupa la ntchafu, pambali pake ataika ndodo yoyezera. Lachiwiri linali ndi mafupa a mwendo wakutsogolo. Lachitatu linali mwala waukulu wosalala wokhala ndi mapazi a chinyama, ngati pamene ng'ombe yaponda m'matope n'kuuma.

Kenako anaima pampanda n'kuitana amayi Helena.

"Achemwali, ndikufuna fupa la ng'ombe. Osati mang'ina anuwo. La ntchafu, lathunthu. Muwauze a butchala asalidule."

"Mwayamba ufiti mutakalamba, achimwene? Anzanu amayamba ali anyamata."

"Ndikanakhala mfiti bwenzi chinyamachi chikuuluka."

"Msuzi wake ndi wanga, fupa ndi lanu."

Analiwiritsa tsiku lonse n'kulibweretsa loyera ngati mbale. Lamlungu tinapha nkhuku, ndipo a Ignasio anazungulira mbale za aliyense kutolera mafupa a miyendo tisanawatafune. A Blackson, amene amakonda mafuta a m'fupa, anadya mokwiya. Fupa la ng'ona analijambula pakatoni ndi khala, kuchokera m'mutu, mmene analionera pamchenga wa Shire. Zonse anazindandalika pamphasa: pepala, la ng'ombe, la nkhuku, ndi chojambulacho.

Masiku amenewo Eliness anaphunzitsidwa zinthu zambiri. Agogo ake ankamuyankhula mokweza, ndipo ndikuganiza ankadziwa kuti kuseri kwa chitseko kuli makutu.

"Taona apa. Fupa la ng'ombe mutu wake uli pambali, ngati chogwirira cha ambulera. Mutuwo umalowa m'chiuno chammbali, fupa n'kutsika pansi molunjika. La nkhuku chimodzimodzi. La papepalali chimodzimodzi. Koma la ng'ona n'lopotoka, mutu wake uli kunsonga, chifukwa limatuluka chopingasa. Ubale ndi ubale, koma aliyense amayenda ndi miyendo yake."

A Madamu ankabwera akaweruka n'kumawawerengera za m'buku, kumasulira m'Chichewa. Anati mafupa a miyendo a zinyama za makosi ataliatali zimenezi anali owongoka ngati munsi, okhuthala, mphako yake yochepa kwambiri. Anati fupa la ntchafu silinali lozungulira ngati paipi, koma lotambalala chammbali ndi lopyapyala kutsogolo ndi kumbuyo, ngati paipi imene galimoto yaiponda pang'ono. Kuphazi lakutsogolo mafupa ataliatali anaima pamodzi chilili ngati mtolo wa nzimbe. Lakumbuyo linali ndi nyama yochindikala pansi ngati la njovu.

"Ndiye sichinkathamanga chimenechi," anatero a Ignasio.

"Akatswiri amati chinkayenda pang'onopang'ono. Mwadziwa bwanji?"

"Bondo loima chonchi silidumpha. Uku ndi kuyenda kwa mayi wosenza ndowa yodzaza."

Anakapeza paipi yakale ya mjigo, yochindikala, n'kuidula zidutswa. Popeza buku linati fupa n'lophwatalala, anaganiza zoiphwanya ndi hamala. A Blackson anati paipi yozungulira ingagwire ntchito yomweyo ndipo palibe mwana amene angayeze. Iwo anati ngati chinyamacho chinasankha lophwatalala chinali ndi chifukwa chake. Anamenya masiku anayi. Magetsi akayaka ankawotcherera, akazima ankamenya. Manja anachita matuza, matuza anaphulika, anamanga nsanza n'kupitiriza. Oyandikana nafe anadandaula kwa amfumu a m'dera, amfumu anabwera, anaona, n'kukhala pansi kuonerera. Simenti yonse anaigumula kuti thupi lipepuke, m'malo mwake anakuta ndi malata akale.

Kutatsala sabata imodzi anachidzutsa ndi majeki awiri a galimoto n'kuika miyendo yatsopano. Yonse inayi inali pansi pa thupi, yowongoka, yoyandikana, iwiri kutsogolo iwiri kumbuyo. Ulendo uno sanaitane anthu. A Blackson anachotsa njerwa ndipo chinaima. Koma a Blackson atatsamira ndi phewa kuti apume, chinyama chonse chinapendekeka, mapazi awiri a mbali yawo ananyamuka mpaka kuoneka kuwala pansi pake, kenako n'kubwerera.

"Chaima, baba. Tikumbe maenje tithire konkiliti, palibe angadziwe," anatero a Blackson.

"Ndinati chiime chokha. Ndipo tachiona. Ichi si chinyama, ndi tebulo. Ana khumi akakwerera mbali imodzi chigwera ana a eni."

Njerwa anazibwezera okha. Masana onse anakhala pakhonde. Dzuwa litapendeka ndinamva akuti, "Eliness, uwauze amayi ako atsitse sutikesi pamwamba pa kabati. Aipukute. Koma asaikemo kanthu."

Ndinaitsitsa. Inali sutikesi yomwe anabwera nayo pa sitima, ya katoni yolimba, makona ake a chitsulo. Ndinaipukuta misozi ikulengeza, chifukwa pa poloti yonseyo munthu amene ankasunga chidutswa cha buledi m'thumba la ovolosi kuti apatse mwana wanga anali iwowo.

Apa ndiyenera kunena za Eliness. Nthawi imeneyo anali ndi miyezi khumi ndipo ankakwawa. Koma mwezi wa Julaye simenti ya pakhonde imazizira ngati madzi a mumtsuko, ndiye iye sankafuna kuikapo maondo. Ankanyamula matako m'mwamba n'kumayenda ndi manja ndi mapazi, miyendo itawongoka. Ine ndimakhala naye tsiku lonse, ndiye ndinali nditaona. Akatalikitsa mapazi ankafika mpaka kumapeto kwa khonde. Akawayandikitsa ankagwera chammbali n'kulira. Ndipo akamayenda mosamala sankanyamula ziwalo ziwiri nthawi imodzi. Zitatu pansi, chimodzi m'mwamba.

Tsiku lina posesa ndinatola pepala la mapazi a pamwala lija. Mapaziwo sanali mumzere umodzi. Inali mizere iwiri, wamanja ndi wamanzere, pakati pake pali kanjira koti munthu n'kudutsa osaponda. Ndinakumbukira mmene Eliness amasiyira madzi pakhonde akathawa m'beseni.

Ndinakhala nazo masiku awiri. Ndinayesa kuuza a Blackson kuti akanene ndi iwo.

"Ukufuna ndikawauze baba kuti mdzukulu wawo ndi dayinoso?" Anaseka n'kupita kuntchito.

Lamlungu titachoka ku Misa ndinamusambitsa mwana padzuwa. A Ignasio anali pampando wawo kumapeto kwa khonde, fupa la ng'ombe lili pamiyendo. Ndinamutulutsa m'beseni osamupukuta n'kumuika pasimenti. Ananyamuka ulendo wa kwa agogo ake, matako m'mwamba, kusiya zizindikiro za madzi m'mbuyo. Ndinagwada kumapeto kwanga, nkhope nditayang'ana kumpanda.

"Eliness, uwauze agogo aone mmene wapondera. Uwauze kuti iwe ukatalikitsa miyendo sugwa. Ndiponso sunyamula iwiri nthawi imodzi."

Mawu anatuluka ang'onoang'ono moti ndinkaganiza kuti sanamve. Ndinafuna kuthawira m'nyumba. Ndinamva mpando ukusuntha, kenako bondo lawo lodwala lija likulira pogwada.

"Eliness," anatero, "uwauze amayi ako akunyowetsenso."

Ndinamuviika. Iwo anagona chafufumimba pasimenti yozizirayo, tepi pamphuno, choko m'manja, n'kumagwedeza makiyi kuti mwana abwere. Akadutsa ankazunguliza phazi lililonse ndi choko madzi asanaume. Tinachita kasanu. Kachisanu mwana anayetsemula ndipo ndinamukulunga m'chitenje osadikira kuuzidwa.

"Mwanayo mumupha ndi chimfine chifukwa cha zitsulo," anatero amayi Helena pampanda. "Bwanji osakwawa nokha, achimwene? Miyendo muli nayo."

"Wanga umodzi ndi wa ng'ona, ungandinamizenso."

Sanakhutire ndi mwana yekha. Anati munthu si nyama ya miyendo inayi, amangobwereka. Lolemba kutacha anayenda wapansi mpaka kumidzi ya kuseri kwa phiri kumene anthu amaweta ng'ombe, ndipo anabwera masana nsapato zili ndi ndowe. Anati aona ndondomeko yake: wakumbuyo wamanzere, wakutsogolo wamanzere, wakumbuyo wamanja, wakutsogolo wamanja. Koma anabweranso ndi nkhawa, chifukwa ng'ombe imaponda pafupifupi mumzere umodzi, osati motalikitsa ngati Eliness. Anafunsa a Madamu kuti wolondola ndani, ng'ombe kapena mwana.

A Madamu anatsegula buku lawo. Anati zinyama za makosi ataliatali zinali mitundu yambiri. Zina zinkaponda moyandikitsa. Koma mtundu umene muli cha ku Karonga chija unkaponda motalikitsa, ndipo akatswiri amadziwa zimenezi poyerekeza mapazi a pamiyala ndi mafupa a ntchafu. Anati kumunsi kwa fupalo, kubondo, sikunalingane. Kunapendekeka.

A Ignasio anatenga pepala loyamba lija n'kuliyandikitsa mpaka mpweya wawo unaligwedeza. Analitembenuza. Anaika tepi mopingasa kumunsi kwa fupa.

"Ndinakuona kupendekeka uku tsiku loyamba. Ndimayesa wojambula anapendeketsa kamera." Anagwedeza mutu. "Ukadula mwendo wa mpando chopendekeka, mpandowo umatambalala pansi. Ndiye chifukwa chake n'lophwatalala chammbali, kuti lisapindike katundu akamakankhira kunja. Fupa linkanena kalekale. Wosamva ndinali ine."

Madzulo omwewo, dzuwa lisanalowe, anadula miyendo yonse inayi kachitatu. Kunali kutatsala masiku anayi. Ine nditaona miyendo ili pansi ndipo chinyama chabwerera panjerwa, ndinachita mantha kuti mwina ndawaponyetsa m'dzenje ndi kamwa langa.

Miyendo anaisiya yowongoka, koma kumtunda anaidula chopendekeka kuti mapazi atuluke kunja, akumbuyo kwambiri, akutsogolo pang'ono. Sanaiikenso iwiriiwiri ngati ya tebulo. Wakumbuyo wamanzere anaupititsa kutsogolo, wamanja anausiya m'mbuyo ngati ukukankha, wakutsogolo wamanja unatsogola, ndipo wakutsogolo wamanzere unangokhudza pansi ndi nsonga ngati ukunyamuka kumene. A Blackson anapempha tchuthi kuti azigwirizira. Chakudya ndinkawaikira pa njerwa, nthawi zina ndinkachipeza chitazizira osakhudzidwa.

Lachinayi a Ramsey anabwera. Anaima pa geti manja m'thumba, kuyang'ana kwa nthawi yaitali. Bambo awo anali pansi pa mimba ya chinyama, galasi kumaso, rodi ikufunafuna polumikizira koma ikuphonya. Inaphonya kawiri. A Ramsey anavula wotchi n'kuiika m'thumba, anagwada, n'kugwira paipi.

"Kumanzere pang'ono, baba. Apo."

Anagwira ntchito limodzi mpaka magetsi anazima.

Lachisanu mmawa lole yomwe inkayenera kupita ku Nsanje inanyamula chinyama kupita kusukulu, thupi padera, khosi ndi mchira padera, miyendo itamangidwa ndi zingwe. Ine ndinakwera minibasi ndi amayi Helena, mwana kumbuyo. Titafika tinapeza atamanga kale ndi mabawuti, penti yobiriwira ikununkhabe, njerwa zili pansi pa mimba. Makolo anakhala pa mabenchi. A hedi anayankhula nthawi yaitali za sayansi. A Ignasio anaima patali, kapusi m'manja, sankayang'ana anthu kapena khosi. Ankayang'ana mapazi basi.

A Blackson ndi a Ramsey anachotsa njerwa imodziimodzi. Mulu womaliza utachoka panalibe chimene chinalira. Chinyama chinangokhala ngati chikupita kukamwa madzi kuseri kwa ofesi ya a hedi. A Madamu analola ana asanu akwere, kenako khumi. Ena sanadikire kuloledwa. Ndinawerenga khumi ndi anayi, ndipo ambiri anakwerera mbali imodzi, ya kumene kunali mthunzi. Mapazi sanasunthe.

Ana atatsika a Ramsey anapita pamene khosi limakumana ndi thupi. Ndi munthu wamkulu thupi, thumba la feteleza amalinyamula dzanja limodzi. Analendewera ndi manja onse, mapazi m'mwamba. Anatsika, anapita chammbali, anaika phewa n'kukankha mpaka nsapato zinatereka m'fumbi. Makolo ankaseka poganiza kuti ndi sewero.

"Musiyeni, akufuna chimubereke," anatero amayi Helena.

A Ramsey anasasa fumbi m'manja n'kupita pamene bambo awo anaima. Ine ndinali pafupi, kuseri kwa mtengo, ndikuyamwitsa.

"Denga la shedi lija likudontha, baba. Ndibweretsa malata Loweruka."

"Ubweretse ndi misomali."

Titafika kunyumba anakhala pampando wawo n'kuvula nsapato. Eliness anakwawira kwa iwo ndipo anamupatsa buledi wa m'thumba.

"Uwauze amayi ako abwezere sutikesi pamwamba pa kabati," anatero. "Uwauzenso kuti takhuta."

Ndinayankha ndili kuseri kwa chitseko kuti, "Eliness, uwauze agogo kuti ndamva."

Maso awo sanabwerere. Kuchipatala anawapatsa magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo, ndipo ntchito zing'onozing'ono amazikana tsopano. Koma mmawa uliwonse amakwera minibasi ya ku Chirimba, ndipo Loweruka a Ramsey akakhala opanda ulendo amapita kukawagwirizira zitsulo. Fupa la ng'ombe analipachika pa msomali m'shedi. Munthu akabwera kudzapangitsa tebulo kapena sitandi ya thanki ya madzi, amalitsitsa n'kuyamba kufotokoza, ndipo ena amachoka dzuwa litapendeka. Dzina la a Ng'ona silinasinthe.

Eliness pano amayenda ndi miyendo iwiri ndipo wayamba kutenga mauthenga n'kuwafikitsadi, nthawi zina atawonjezera zake. Choko ya pakhonde ija ikanafufutika kalekale, koma agogo ake anailondola ndi msomali n'kuikanda m'simenti. Timanja tiwiri, timapazi tiwiri totalikirana, kuyambira pa beseni mpaka pampando wawo. Ndikamakolopa madzi amatsalira m'timizere timeneto, ndipo pamauma pomalizira.